NJIRA YA KU NYUMBA YANU IKAPITA PA MALO A MNZANU

Nkhani yathu ya madzulo ano iri ya njira, kanjira kaja kamene kacokera ku mseu wa Boma ndi kufika pa khomo la nyumba yanu. Ambiri a ife timapitamo m'mawa ndi madzulo osaganizapo kanthu. Koma alipo ena amene njira yao ipita pa malo a munthu wina, ndipo amenewa ndiwo ayenera kuchera khutu koposa, cifukwa tsiku lina akhoza kudzuka ndi kupeza cipata cacitsulo ciri cotseka patsogolo pao. Funso lathu ndi ili: kodi mwini nyumba ali ndi mphamvu yanji pa njira imene siiri yace, ndiponso siiri ya Boma?

Kumudzi funso limeneli silibvuta kwambiri. Njira ya ku citsime, ya ku madimba ndi ya ku manda idziwika kwa munthu ali yense, ndipo wina akalima mizere yace nadya njira, amfumu amuitana, akuru amdzudzula, nkhani nkutha. M'tauni zinthu ziri mwa mtundu wina. Malo anayesedwa ndi asaveya, ali ndi zikhomo pa ngondya zace, ali ndi nambala, ndipo dzina la mwini wace linalembedwa m'buku la Boma. Mukafika ku bwalo la milandu ndi dandaulo la njira, woweruza ayamba wafunsa kuti, "Kodi cikalata cinena ciani?"

Milandu yotere yacuruka m'zaka zathu zino. M'caka ca 1996 Boma linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo kwa anthu okhalamo, ndipo posacedwa nyumba za migodi za ZCCM nazonso zinagulitsidwa kwa anchito. Anthu ambiri a ku Kitwe, Luanshya, Mufulira, Chingola ndi matauni ena, amene kale anali kungokhala m'nyumba za kampani, anasanduka eni nyumba. Ena amene anali ndi mayadi akuru anadula puloti pakati nagulitsa mbali ya kumbuyo. Wogulayo anamanga nyumba yace, ndipo polowa ndi poturuka anali kupita pambali pa nyumba ya wogulitsa, popeza anamvana pakamwa ngati abale. Zonse ziyenda bwino kufikira tsiku limene wogulitsa uja amwalira, kapena agulitsa nyumba ya kutsogolo kwa mlendo. Mlendoyo amanga mpanda wa njerwa kuzungulira malo ace onse monga mwa zikhomo, ndipo nyumba ya kumbuyo itsala ngati cisumbu.

Njira za mitundu itatu

Tisanapite patali, tiyeni tisiyanitse njira za mitundu itatu. Yoyamba ndiyo mseu wa anthu onse, umene usungidwa ndi Boma kapena khonsolo. Umenewu munthu wamba sangathe kuutseka, ngakhale upite pa khomo pace penipeni. Yaciwiri ndiyo njira ya mwini wace, koma imene lamulo lapatsa nyumba yanu mphamvu ya kupitamo. Mphamvu imeneyi tiicha ufulu wa njira. M'zikalata za Cingerezi mudzaipeza yolembedwa kuti right of way kapena easement. Yacitatu ndiyo njira ya mwini wace imene mupitamo cifukwa ca cifundo cace cabe.

Pakuona ndi maso, njira yaciwiri ndi yacitatu zifanana. Pfumbi lace ndi limodzimodzi, ndipo galimoto lipita m'zonse ziwiri. Koma pa lamulo zisiyana monga nyumba yogula isiyana ndi nyumba yobwereka. Cilolezo ca cifundo mwini akhoza kucilanda pamene afuna, ndipo munthu amene adzagula malowo m'tsogolo samangidwa naco, cifukwa iye sanalonjeze kanthu. Ufulu wa njira ndiwo sulandika cotero. Milandu yambiri ibadwa cifukwa munthu ali ndi njira yacitatu, koma mumtima mwace ayesa kuti ali ndi yaciwiri.

Musayesenso kuti mseu uli wonse wa tara ndi wa Boma. Makampani a migodi, eni mafamu ndi anthu odula mapuloti amalambula miseu pa malo ao, ndipo mseu wotere ukhoza kukhalabe wa mwini malo ngakhale anthu ambiri apitamo. Ofesi ya khonsolo ndiyo ingakuuzeni ngati mseu wa kwanu uli wa onse.

Kumene lamulo linacokera

Lamulo la njira zotere linafika kuno kucokera ku England. Pa 17 August 1911 maiko awiri a North-Eastern Rhodesia ndi North-Western Rhodesia anaphatikizidwa nakhala dziko limodzi. Kufikira lero, mwambo wa oweruza a ku England, pamodzi ndi malamulo amene anali kugwira nchito kumeneko pa tsiku limenelo, atsatidwa m'mabwalo athu pa nkhani iri yonse imene Nyumba ya Malamulo yathu siinaikepo lamulo lace. Milandu yoweruzidwa ku England m'zaka za pambuyo pace siimanga oweruza athu, koma amaiwerenga ndi kutengapo nzeru. Ndico cifukwa cace ndidzakuuzani milandu ingapo ya kumeneko.

Mlandu umene ophunzira malamulo onse audziwa ndiwo wa Ellenborough Park, m'tauni ya Weston-super-Mare. M'caka ca 1855 eni malo anagulitsa mapuloti ozungulira bwalo lina la msipu ndi mitengo, nalemba m'zikalata kuti ogulawo adzakhala ndi ufulu wa kuyenda ndi kupumula m'bwalomo. Patapita zaka 100, pamene ogulitsa ndi ogula oyamba onse anali atamwalira, panabuka funso lakuti kodi eni nyumba atsopano akali ndi ufulu umenewu? M'caka ca 1955 bwalo la apilo linati inde, nilichula zinthu zinai zofunika. Coyamba, pakhale malo awiri, ena othandizidwa ndi ena osenza katundu. Caciwiri, ufuluwo uthandize malo enieniwo, kuti ali yense wokhalapo apindule nao. Cacitatu, malo awiriwo akhale a anthu osiyana, pakuti munthu safuna cilolezo kuti ayende pa malo ace. Cacinai, ufuluwo ukhale womveka bwino, wakuti ungathe kulembedwa m'cikalata.

Phunziro lalikuru la mlandu umenewu ndi lakuti ufulu wa njira ndi wa nyumba. Mukagulitsa nyumba, ufulu upita kwa wogula. Mukamwalira, utsalira ana anu. Mnansi wanu akagulitsa malo ace, wogulayo alandira malowo pamodzi ndi katundu wa njira yanu. Koma dothi la m'njiramo likhalabe la mnansiyo. Inu muli ndi mphamvu ya kupitamo. Mulibe mphamvu ya kulimamo ciwawa kapena kumangamo kantemba.

Ufulu wa njira upezeka bwanji?

Njira yoyamba ya kuupeza, imenenso iri yolimba koposa, ndiyo kulemberana cikalata. Mwini malo alemba kuti apereka ufulu wa njira kwa puloti ya nambala yakuti, ndipo cikalataco cilembetsedwa ku ofesi ya Boma ya malo. Pano cenjerani. Lamulo lathu lochedwa Lands and Deeds Registry Act linena kuti cikalata copereka malo kapena ufulu pa malo ciyenera kulembetsedwa pasanathe masiku 30 ngati cinasainidwa m'tauni imene muli ofesi yolembetsera, masiku 90 ngati cinasainidwa kwina m'Zambia, ndi caka cimodzi ngati cinasainidwa kunja kwa dziko. Cikalata cosalembetsedwa m'nthawi yace lamulo liciyesa copanda mphamvu, pokhapokha khoti litaonjezera nthawi pa cifukwa comveka. Cotero pepala limene munasainirana pamaso pa mboni ziwiri, nimuliika pansi pa sutukesi, likhoza kukukhumudwitsani pa tsiku la mlandu.

Njira yaciwiri ndiyo imene lamulo lenilenilo lipereka pamene munthu mmodzi adula malo ace. Ngati wina akugulitsani mbali ya kumbuyo, ndipo palibe kwina konse koturukira, lamulo liganiza kuti sanafune kukugulitsani ndende, ndipo likupatsani njira pa malo amene iye anatsala nao. Ndiponso mlandu wa Wheeldon ndi Burrows wa caka ca 1879 unakhazikitsa kuti wogula alandira njira yooneka ndi maso imene wogulitsa anali kuigwiritsa nchito popita ku mbali imeneyo, ngati iri yofunika kuti malowo akhalike bwino. Koma thandizo limeneli liri ndi malire. Njira ya kusowa kwina ifunsidwa kwa amene anadula malowo, ndi kwa olowa m'malo mwace. Simungaifunse kwa mnansi wina amene sanakugulitseni kanthu. Ndiponso ngati muli nayo njira ina, ngakhale yaitali ndi yamatope, simunganene kuti mwasowa koturukira. Kuposa apo, mnzanu akakana, ufulu wotere uyenera kutsimikizidwa ku khoti, ndipo khoti lidya ndalama ndi nthawi.

Njira yacitatu ndiyo imene inyenga anthu ambiri: kupitamo zaka zambiri. Ku England mwambo wakale unali wakuti munthu aonetse kuti njirayo inayendedwa kuyambira caka ca 1189, caka cimene Richard I analowa ufumu. Popeza umboni wotere unali wosapezeka, oweruza anafewetsa mwambowo, ndipo lamulo la caka ca 1832 linaika zaka 20. Koma kuyendako kuyenera kukhala kopanda ciwawa ca nkhondo, kosabisa, ndiponso kosapempha. Munthu wopempha cilolezo wabvomera kale kuti njirayo si yace.

Nkhani ya ku Newtown Common

Kufupi ndi tauni ya Newbury, ku England, kuli dambo lalikuru lochedwa Newtown Common, ndipo m'mphepete mwace muli nyumba zimene galimoto silingazifike popanda kupita pa tinjira ta m'dambomo. Eni nyumbazo, ndi amene anakhalamo iwo asanabwere, anayendetsa magalimoto m'tinjirato zaka zoposa 20, ndipo mwini dambo sanawaletse. Koma panali lamulo la caka ca 1925 lonena kuti kuyendetsa galimoto pa dambo lotere popanda cilolezo ca mwini ndi mlandu. M'caka ca 1993 bwalo la apilo, poweruza nkhani ina, linanena kuti munthu sangapeze ufulu mwa kucita cinthu coletsedwa, ngakhale acicite zaka zingati.

Kampani ya Bakewell Management, imene inali mwini dambolo, inaimirira pa ciweruzo cimeneci nisumira eni nyumba. Colinga cace cinali cakuti ali yense wofuna kufika pa khomo pace ndi galimoto agule ufulu wa njira ndi ndalama. Eni nyumba mlandu unawagwera ku bwalo loyamba, unawagweranso ku bwalo la apilo. Anapitirira kufika ku House of Lords, limene masiku amenewo linali bwalo lomariza, ndipo pa 1 April 2004 mlandu unawakomera. Oweruza anati popeza mwini dambo anali ndi mphamvu ya kuloleza, ndipo anakhala cete zaka zonsezo alikuona, ufulu wa njira unakhazikika.

Anthu amenewa anapulumuka, koma anakwera mabwalo atatu asanapume, ndipo nthawi yonseyo nyumba zao zinali zobvuta kugulitsa, pakuti ndani agula nyumba imene njira yace iri pa mlandu?

Cenjezo kwa ife a m'Zambia

Tsono mverani bwino, cifukwa apa ndipo pagona nkhani. Cimene cinapulumutsa anthu a ku Newtown Common sicingakupulumutseni inu pa malo amene ali ndi taitolo. Gawo 35 la Lands and Deeds Registry Act linena momveka kuti malo akaturutsiridwa cikalata ca taitolo, palibe munthu angapeze malowo, kapena ufulu uli wonse pa malowo, mwa kungokhalapo kapena kupitapo motsutsana ndi mwini wolembedwa m'buku. Cotero munthu wonena kuti, "Ine ndayenda muno zaka 30, ana anga onse anabadwa njira iri pomwepa," alankhula zomvetsa cisoni, koma pa malo a taitolo zaka zimenezo sizimpatsa kanthu.

Cilipo citonthozo cimodzi. Gawo 33 la lamulo lomwelo linena kuti ufulu wa njira umene unalipo kale mwa lamulo sufa cifukwa cakuti unaiwalika kapena unalembedwa molakwa pa taitolo. Koma kuonetsa kuti unalipodi ndi nchito ya inu wodandaula, ndipo mboni za zinthu zakale zimatha ndi imfa. Akuru anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Ufulu wolembedwa pa taitolo ndiwo fodya wa pamphuno.

Amene mukhala m'makomboni ndi cilolezo ca khonsolo ca zaka 30, nkhani yanu iyambira ku khonsolo, cifukwa ndiyo iyang'anira kaikidwe ka nyumba ndi tinjira ta pakati pace. Amene muli pa malo a mafumu, mwambo ukali ndi mphamvu. Koma mukamva kuti wina afuna kutenga taitolo pa malo amene pali njira yanu ya ku munda kapena ku mtsinje, nthawi ya kulankhula ndi yomweyo. Lamulo la malo la caka ca 1995 linena kuti malo a mwambo asaperekedwe popanda kufunsa mfumu, khonsolo, ndi anthu amene nkhaniyo iwakhudza. Taitolo ikaturuka njira yanu isanachulidwe, kudandaula kwa pambuyo ndi kolemera.

Zimene muloledwa kucita m'njiramo

Tinene kuti ufulu muli nao, wolembedwa bwino. Kodi mungacite ciri conse? Iai. Mau a m'cikalata ndiwo malire anu. Ngati cinena za kuyenda pansi, simungalowetsemo lole ya mcenga. Ngati cinena za magalimoto, mungapitemo inu, a m'banja lanu, alendo anu ndi obwera kudzakugwirirani nchito.

Ufuluwo ndi wa puloti imene inachulidwa, imeneyo yokha. M'mlandu wa Harris ndi Flower wa caka ca 1904, munthu anali ndi ufulu wa njira yofika ku malo ace ena, ndipo anamanga fakitale imene inatambalala kufika pa malo ace aciwiri oyandikana nao. Bwalo linati sangagwiritse nchito njirayo kuti afike pa malo aciwiriwo. Cotero mukagula puloti ya kuseri kwa yanu, musayese kuti njira yanu yakale idzatumikira zonse ziwiri.

Simuloledwanso kucurutsa katundu wa mnzanu kopitirira muyeso. M'mlandu wa Jelbert ndi Davis wa caka ca 1968, munthu anali ndi ufulu wa kupita nthawi zonse ndi pa cifukwa ciri conse, nafuna kusandutsa munda wace cigono ca alendo, ca mahema ndi tinyumba tokokedwa ndi galimoto tokwana 200. Bwalo linati unyinji wotere udzasautsa ena opita m'njira yomweyo, nilimletsa. Inu amene muganiza za kusandutsa nyumba yanu bala kapena galaja, kumbukirani zimenezi.

Nanga kuimika galimoto m'njira? Kawirikawiri ufulu wa kupita sukhala ufulu wa kugoneka galimoto. Mungaime pang'ono kutsitsa katundu, koma njira si galaja yanu. Unalipo mlandu wa Moncrieff ndi Jamieson wa caka ca 2007, wocokera ku zisumbu za Shetland ku Scotland, m'mene nyumba inali pansi pa phompho m'mphepete mwa nyanja, ndipo galimoto silinathe kutsikirako konse. Pamenepo oweruza analola kuti mwini nyumba aziimika galimoto pa malo a mnansi, cifukwa popanda kutero ufulu wace ukanakhala wacabe. Koma malo otere ndi osowa, ndipo nkwabwino kuti nkhani ya kuimika ilembedwe poyera.

Kodi mwini njira angaike cipata? Inde, pakuti naye aopa akuba. Koma cipataco cisakubvutitseni kwambiri polowa ndi poturuka, ndipo akaika loko ayenera kukupatsani mfungulo. Cipata cimene inu mulibe mfungulo yace ndi mpanda.

Nanga dzinja likakumba maenje m'njira, akonza ndani? Ngati cikalata sicinena kanthu, mwambo wa oweruza uli wakuti mwini malo sakakamizidwa kukonza, ndipo inunso simukakamizidwa. Koma inu muli ndi mphamvu ya kukonza ndi ndalama zanu ngati mufuna. Pamenepa ndi pamene anansi ambiri ayambana, cifukwa ali yense ayembekeza mnzace. Mzere umodzi m'cikalata, wonena kuti ndalama za kukonza zigawidwa motani, uletsa mkangano wa zaka.

Ndiponso ufulu wopezeka bwino sufa msanga. M'mlandu wa Benn ndi Hardinge wa caka ca 1992, njira inakhala yosayendedwa zaka 175, cifukwa eni ace anali ndi koturukira kwina, koma bwalo linati ufuluwo ukalipo. Taonani kusiyana kwace: ufulu weniweni unapirira zaka 175 za kusayendedwa, pamene cilolezo ca pakamwa cikhoza kutha m'mawa umodzi.

Akakutsekerani njira

Tsiku limenelo likafika, mtima udzakuuzani kuti mutenge nyundo ndi kugwetsa cipata. Musatero. Ngati ufulu mulibe, mwaononga katundu wa mwini ndipo mwalowa pa malo ace popanda cilolezo, ndipo nkhani ya njira isanduka nkhani ya apolisi. Ngakhale ufulu muli nao, ndeu pa cipata siikupindulitsani kanthu pamaso pa woweruza.

Yambani ndi kusonkhanitsa mapepala anu: taitolo, mapu a asaveya, pangano la kugula, ndi makalata ali onse. Pitani ku ofesi ya Unduna wa Malo, ku Lusaka kapena ku Ndola, mukapemphe kuona zolembedwa pa puloti yanu ndi pa puloti ya mnansi wanu. Mukadziwa pamene muima, tengani munthu wamkuru wolemekezeka, wa mpingo kapena wa m'dera lanu, mukakambe ndi mnansiyo mofatsa. Nthawi zambiri munthu watsopano amanga mpanda cifukwa sanauzidwe kanthu pogula. Kukamba kukalephera, mlembereni kalata ndi kusunga kope lace. Pambuyo pace funani loya. Amene alibe ndalama apite ku Legal Aid Board. Milandu ya malo imvedwa ku High Court, ndiponso ku Lands Tribunal, bwalo limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995 nilipatsidwa lamulo lacelace m'caka ca 2010. Khoti liri ndi mphamvu ya kulamula kuti cotsekaco cicotsedwe, ndiponso kuti munthu aleke kumanga kufikira mlandu utatha. Koma musacedwe. Kuletsa mpanda pamene maziko ali kukumbidwa nkwapafupi kuposa kuugwetsa utatha.

Musanagule, ndipo musanamwalire

Inu amene mwalandira ndalama za penshoni ndipo mufuna kugula puloti, yambirani pa mseu wa onse ndi kuyenda pansi kufikira pa malowo, ndipo pa phazi liri lonse funsani kuti, "Dothi ili ndi la yani?" Yang'anani pa mapu a asaveya ngati njirayo inajambulidwa. Wogulitsa akakuuzani kuti, "Musade nkhawa, anthu onse apita momwemu," muyankheni kuti, "Cabwino bambo, tiyeni tikazilembe." Safunsa anadya phula.

M'cikalataco mukhale zinthu izi: nambala za mapuloti onse awiri, pamene njira iyambira ndi pamene ithera, kutambalala kwace m'mamita, ngati iri ya oyenda pansi okha kapena ya magalimoto ndi malole, ngati mipope ya madzi ndi nthambo za magetsi ziloledwa kupitamo, za cipata ndi mfungulo, ndi za ndalama za kukonza. Mukatero cilembetseni m'nthawi yace, kuti cioneke pa mataitolo onse awiri.

Inu amene muli kale m'nyumba ya kumbuyo, ndipo mupita mwa cifundo ca mnansi amene mumvana naye, nthawi yabwino ya kulemberana ndi ino, pamene mukali kupatsana moni ndi kubwerekana mcere. Kupempha cikalata sikuonetsa kuti mumkayikira. Muuzeni kuti, "Acimwene, inu ndi ine timvana, koma sitidziwa amene adzakhala muno ife titapita." Pakuti amene asauka ndi pangano la pakamwa kawirikawiri ndiye mai wamasiye ndi ana ace, amene atsala ndi nyumba yopanda khomo, yosagulitsika pa mtengo wace, ndiponso imene banki siifuna kuilandira cikole.

Ndipo inu eni njira, lamulo lakucinjirizani kale, popeza kupita kwa mnzanu sikungakulandeni malo a taitolo. Cotero mulibe cifukwa ca kutseka njira mwa mantha. Ngati mufuna malipiro pa ufulu umene mupereka, nenani mtengo woyenera. Ngati mufuna kuti mnzanu athandize kuthira miyala m'maenje, lembani comweco. Cikalata cabwino cisunga inu monga cisunga iye, cifukwa cichula malire amene iye sangapitirire. Ndipo musaiwale kuti usiku wa matenda kapena wa moto, munthu woyamba kufika pa khomo panu ndiye mnansi yemwe uja wa kumbuyo.

Mawa pocoka ku nchito, turutsani taitolo yanu muiwerenge, kapena mupemphe mwana wa sukulu akuwerengereni, ndipo muone ngati njira ya ku nyumba yanu irimo.